Bokosi la magetsi a ampu ya mavalavu lopangidwa konkuno ku Zomba: ndi labwino koma musalitenge mmene amakupatsiranimo

Amene mumalimbana ndi ma ampu a mavalavu, timababu tagalasi tokuza mawu tija, kaya a gitala kaya mawailesi akalekale aja omwe amapezekabe m'nyumba zina muno kuyambira nthawi yomwe Zomba linali likulu 1975 isanafike, pali madala ena okonza mawailesi ndi kukulunga matransifoma konkuno omwe anandipangira bokosi lotulutsa magetsi aakulu osinthika. Ukapotokola nobu limachoka pa 0 mpaka 350V, ndipo pambali lili ndi 6.3V payokha ya mahita, timawaya totenthetsa valavu mkati. Dzina lawo sindilemba pano, sanandilole, koma ntchito yawo nditha kuyinena yonse yabwino ndi yoyipa yomwe. Mwachidule ndalama yanga sinapite m'madzi, mkati mwa bokosi muli nzeru zenizeni, koma kunja kwake madala anachitako ulesi moti zina ndinachita kubweza kuti akonzenso.

Ambiri ndikawauza amati aaa iwe bwanji osangogula variac basi. Variac, transifoma ya nobu yosinthira magetsi akukhoma, ndi yabwino pa ntchito yake, koma imakweza ndi kutsitsa magetsi onse olowa mu ampu nthawi imodzi, nde ukatsitsa kuti HT, volteji yaikulu ija ya mavalavu, ikhale pansi mahita nawonso amatsika, valavu yomwe imafuna 6.3V ikulandira mwina 4V, cathode, mbali ya valavu yomwe hita imatenthetsa, sinatenthe bwino, zomwe ukuyeza pamenepo ndi zabodza zokhazokha. Komanso variac ili ndi koyilo imodzi yokha, siyikulekanitsa ndi magetsi akukhoma, ukagwira pa waya wolakwika uli pa simenti wopanda nsapato wagwira soketi yeniyeniyo. Ine chomwe ndinkafuna ndi choti hita ikhale pomwepo osasuntha, ine ndizingosewera ndi volteji ya pa plate, mbali ya valavu yolandira HT, ndione valavu ya EL84 ikukoka ma mA angati pa 200V, pa 250V, pa 300V, ndipo chinthu chikashota pasaphulike kanthu. Azungu anali nazo kalekale izi, Heathkit inkagulitsa bokosi la IP-17 lotulutsa 0 mpaka 400V pogwiritsa ntchito mavalavu a 6L6 mkati mwake, koma kuti ugule lakale kunja, lolemera choncho, uwonjezere yonyamulira ndi msonkho, komanso ambiri mwa iwo anawalumikizira 120V yaku America pomwe ife kuno ndi 230V pa 50Hz, bola kungopangitsa konkuno.

Transifoma ndi pomwe madala anandigometsa. Anakulunga okha pa chitsulo cha UPS yakufa, waya wa kopala watsopano osati wosomola mu mota yakupsa, ndipo pakati pa koyilo ya magetsi akukhoma ndi ya 300V anaikapo pepala lochindikala kangapo kenako nkuviika mu vanishi. Ndinawafunsa kuti bwanji osangotenga transifoma ya mu microwave poti zili mbwee kwa ogulitsa zitsulo zakutha, anandiyang'ana nkunena kuti mwana wanga ija imatulutsa cha m'ma 2000V, ija siyimenya shoko imangopha, usadzayigwire. Zoona zake. Ya iwoyi ngakhale bokosi likhale loyaka masana onse imangofunda pang'ono, siyilira nkomwe, pomwe matransifoma ambiri okulungidwa pamanja ukangoyatsa umamva zzzz chifukwa zitsulo zake sanazimange zolimba.

Kuchoka pa 300V ija pali madayodi anayi a 1N4007, omwe aliyonse imapirira 1000V, nde ikawongoledwa imakwera kufika cha m'ma 420V ngati palibe chomwe chikukoka, poti 300 ukachulukitsa ndi 1.41 ndi pomwe imafika. Apa ndi pomwe amisiri ambiri amagwa, amaika kapasita imodzi ya 450V nkumati yakwana. Yakwana masana magetsi ali 230V, koma usiku anthu akagona ku Matawale konse mafiriji okha ndi omwe akuyaka, magetsi akakwera kufika 250V pa kapasita paja pali 456V kale, yadutsa malire ake, ndipo siyichedwa kutupa. Madala anaika awiri a 220uF 400V motsatana, ochokera mu ma TV akale a chimsana aja, aliyense ndi rezisita yake ya 220k yogawa volteji mofanana. Awiriwo pamodzi amakhala 110uF yokha koma amapirira 800V. Marezisita omwewo ndi omwe amatsitsa magetsi ukazimitsa, koma musathamange, pamatenga pafupifupi mphindi ziwiri kuti atsike pansi pa 50V, nde wazimitsa, wazula pulagi, koma mkatimo mukadali imfa. Ine ndikanakonda aikepo kababu ka neon kosonyeza kuti makapasita akadali ndi moto, sanaike, ndinaika ndekha.

Chosinthira voltejicho ndi chosavuta kwenikweni. Pali mzere wa madayodi a zener ogwira 350V mosasunthika, nobu imatengako gawo la voltejiyo nkupereka pa gate, mwendo wolamulira wa transista yamphamvu ya MOSFET, IRFP460 yomwe okonza ma inverter ndi makina owotcherera amaidziwa bwino, nde MOSFET imangotsatira, gate ikakhala pa 254V kunja kumatuluka cha m'ma 250V. Ndinali nditawerengako za njira ya Maida, Michael Maida waku National Semiconductor yemwe mu 1980 anaonetsa mmene LM317, IC yogwira volteji, ingayandamire pa volteji yaikulu ndi transista yoyitchinjiriza kutsogolo, nde ndinawauza kuti madala bwanji tipange imeneyo poti imagwira volteji ndendende. Anakana. Akuti LM317 imangopirira 40V pakati pa polowa ndi potuluka, ukalakwitsa pang'ono chitetezo chake waya akangokhudzana yapita pamodzi ndi anzake onse, ndipo iweyo ndi amene uzikhudzitsa mawaya tsiku ndi tsiku kkkk. Poyamba ndinaona ngati akungozemba ntchito, koma nditaligwiritsa ntchito ndikuvomereza, pa zoyesa mavalavu kusiyana kwa 2V kapena 3V pa 250V palibe khutu lomwe lingamve, ndipo chinthu chokhala ndi zida zochepa chikafa umachikonza ndi zopezeka ku Limbe osadikira katundu wochokera ku China.

Kachetechete wake ndi wabwino zedi. Magetsi athu a 50Hz akadutsa pa madayodi anayi amasiya kugwedezeka kwa 100Hz, komwe mu sipika kumamveka ngati hmmmm uja amatopetsa mu ma ampu akale, koma poti pa gate pali kapasita yakeyake yosefa, zotuluka zimakhala zosalala. Kaampu kanga ka gitala ka valavu ya ECC83 imodzi ndi EL84 imodzi kamalira hum pang'ono ndi magetsi ake amkati, nditakadyetsa kuchokera m'bokosili kanangoti zii, mpaka ndinayamba ndagogoda chingwe kuti ndione ngati kayakadi. Pomwepo ndinadziwiratu kuti vuto lake ndi makapasita ake osati mavalavu. Kapasita yomweyo ya pa gate imachititsanso kuti ukayatsa volteji izikwera pang'onopang'ono osati kungoti phaa 350V pa valavu yozizira. Chokhacho muzolowere ndi chakuti ukabweza nobu pansi mita imatsika mozengereza, chifukwa MOSFET imadziwa kupereka kokha, kubweza magetsi omwe adzaza kale mu makapasita a ampu yako siyitha, nde osamakhulupirira pomwe nobu yaloza, muziyang'ana mita.

Koma chomwe ndinalipira ndalama kwenikweni, ndikaganiza pano, si nobu ayi, ndi malire a ma mA. Pa mwendo wotuluka wa MOSFET pali rezisita ya 4.7 ohm ndi katransista kakang'ono, magetsi odutsa akakwana cha m'ma 130mA pa rezisita paja pamakhala 0.6V, katransista kamayaka nkukokera gate pansi, volteji imagwa yokha. Madala anandionetsa ndili pompo, anakweza mpaka 300V nkugunditsa mawaya awiriwo dala, kanangothetheka pang'ono, singano nkugwa, atalekanitsa inabwerera pomwe inali, fyuzi osapsa. Ine mtima unali m'mwamba iwo akungoseka. Anaikanso swichi yosinthira ku rezisita ya 47 ohm, malire amatsika kufika cha m'ma 13mA, ndipo imeneyi ndi yomwe ndimagwiritsa ntchito kwambiri kuposa china chilichonse. Wailesi kapena ampu yomwe yakhala zaka makumi osayaka, makapasita ake amkati amakhala atafooka, kansalu kotchinga ka mkati mwake kamakhala katatha, ukangoibaya kukhoma amakoka magetsi ambiri nkutentha mwina kuphulika kumene, nkutengera limodzi transifoma yomwe simudzaipezanso kwina kulikonse. Ndi malire a 13mA umazula mavalavu, nkuyamba pa 50V, kudikira singano ya mA itsike, kukwezako, kudikiranso, mpaka ufike pa volteji yolembedwa pa kapasita. Ikakana kutsika ndiye kuti yafa basi, koma yafa mwaulemu yosawononga anzake. Kale tinkachita zimenezi ndi babu la 60W loika motsatana ndi pulagi, koma mababu otentha aja pano kuwapeza m'mashopu ndi mwayi, paliponse ndi ma LED ndipo LED siyigwira ntchito imeneyo.

Pa kuyeza mavalavu napo lathandiza. EL84 mabuku ake amati pa 250V ndi bias, volteji ya negative yolamulira valavu, ya -7.3V izikoka 48mA pa plate, zomwe zili 12W, malire ake enieni. Mavalavu akale ogula m'manja amakhala osiyanasiyana, ina yotopa ikukoka theka, ina ikukoka mopyola mpaka plate kuyamba kufiira mukazimitsa getsi, nde ngati mukufuna awiri ofanana ogwira ntchito mosinthana mu ampu ya push-pull njira ndi yomweyi, kuwaika imodziimodzi pa volteji imodzi nkulemba. Atsopano akupangidwabe, JJ ku Slovakia, fakitale ya ku Saratov ku Russia, ndi ena ku China, koma kuti afike ku Zomba ndi mtengo wa dola mmene uliri panopa aliyense ndi chuma, sungamangowotcha poyesa.

Tsopano zondinyansa. Choyamba ndi kutentha. MOSFET ija siyichepetsa volteji mwamatsenga, yotsalayo imaiwotcha nkukhala kutentha, nde ngati mkati muli 400V iwe watulutsa 150V pa 100mA, pa MOSFET patsala 250V kuchulukitsa ndi 0.1A, ndi 25W imeneyo pa kachitsulo kochepa ngati chala chachikulu. Zodabwitsa kwa osadziwa, likamatulutsa volteji yochepa ndi pomwe limatentha kwambiri. Mawaya akashota ndiye imadutsa 50W. Madala anaika heatsink, chitsulo chomwaza kutentha, ya mu kompyuta yakale yopanda fani, mkati mwa bokosi lotseka lokhala ndi timabowo tochepa kumbuyo kokha. Mwezi wa June ndi kuzizira kwathu kwa pansi pa phiri kuja zinkayenda, koma October atalowa chivindikiro chinkatentha ngati mbaula, sungasiyepo dzanja. Ndinabweza. Sanatsutse, anaika kafani ka 12V nkuboola mabowo ena pamwamba, sanandilipiritsenso kupatula mtengo wa fani. Komabe amayenera kuziona okha poyamba, masamu ake ndi a pulayimale. Chinanso pomwepo, chitsulo chakumbuyo kwa MOSFET ndi drain, polowera magetsi, chili ndi 400V yonse, anaikapo mica yotchinga magetsi pakati pake ndi heatsink zomwe zili bwino, koma mukapangitsa lanu yezani nokha ndi mita kuti heatsink ilibe moto, makamaka nthawi ya dzinja kuno chinyezi chikachuluka fumbi lonyowa limadutsitsa magetsi. Ndipo 500V ya IRFP460 ndi yothina kwa ine, magetsi akakwera usiku nkushota nthawi yomweyo yatsala pang'ono kufika pa malire, bola ya 800V kapena 900V. Iwo akuti imeneyo ndi yomwe anali nayo yeniyeni yozula mu makina, zogula zatsopano zambiri ndi zafeki zolembedwa nambala chabe, apo sindinawatsutse.

Chachiwiri ndi potulukira. Anaika zomangira mawaya za sipika zija, yofiira ndi yakuda, chitsulo chili poyera. 350V poyera, m'nyumba momwe muli ana oti chilichonse chowala amafuna achigwire. Nditadandaula anati aaa bwana inu mukudziwa kale kuti ndi zoopsa, koma nkhani si ine, ndi mlendo kapena mwana, kapenanso ine ndemwe nditatopa usiku. Tinasintha nkuika masoketi obisa chitsulo ngati a pa multimeter. Waya wa ethi anamangirira ku bokosi bwinobwino ndi bawuti, pamenepo ndiwayamike, koma mu pulagi ya mano atatu munali fyuzi ya 13A yomwe inabwera nayo, pa chinthu chokoka osakwana 1A, ndinaikamo ya 3A, mkati muli ina ya 1A yochedwa kupsa.

Mita yake ndi ya singano, manambala analemba ndi bolopeni pa pepala, yokongola ndithu mwachikale koma imanama, ikati 250V multimeter imati 265V. Pa EL84 yomwe malire ake ndi 300V bodza lotero likhoza kukupweteketsa ukamayesa kumtunda. Pano ndimangosiya multimeter yolumikiza nthawi zonse. Apa ndichenjezeko, timamita tachikasu totchipa ta mumsika tija talembedwa 1000V koma timawaya take ndi topyapyala, pa 400V ine sinditigwira m'manja, ndimakoleka ndi kilipi bokosi lili lozima kenako nkuyatsa, dzanja limodzi lili m'thumba.

Koma vuto lalikulu lomwe silinathe mpaka pano ndi mahita, ndipo limandipweteka chifukwa ndi chomwe ndinapangitsira bokosili. 6.3V ija imachoka pa transifoma mwachindunji popanda choigwira. Anaikulungira 4A, yokwana ndithu, poti EL84 imadya 0.76A, ECC83 0.3A, EL34 1.5A. Koma madzulo anthu akayamba kuphika magetsi akukhoma kwathu amatsika mpaka cha m'ma 200V, nde HT imakhala nji pa 250V poti ma zener aigwira, koma hita yatsika kufika 5.5V, ndipo valavu yomweyo yomwe masana inakoka 46mA madzulo ikuonetsa zochepa ngati yotopa. Mavalavu amafuna hita isasiyane kwambiri ndi 6.3V, kupyola 10 peresenti ndiye watuluka kunja. Komanso nthawi imeneyo pamwamba sipafika, nobu mpaka kumapeto imathera cha m'ma 330V ukamakoka ma mA ambiri. Njira yake inali yosavuta akanaganiza asanaviike mu vanishi, kutulutsa mawaya atatu pa koyilo yolowa, wa 210V, wa 230V ndi wa 250V, ndi swichi yosankhira. Pano kuti achite zimenezo ndi kumasula transifoma yonse. Ndimangoyeza mavalavu m'mawa kapena kubaya bokosi pa stabilizer ya firiji, amayi akunyumba akakhala kuti sakuona.

Bias ya negative sinalipo poyamba chifukwa sitinagwirizane, anawonjezera pambuyo ndi katransifoma kakang'ono, 0 mpaka -50V, ikugwira bwino palibe chonena. Koma amene muli ndi ma ampu aakulu a EL34 awiri, ngati a Marshall aja omwe amayenda pa 450V kupita m'mwamba, bokosili silingayendetse ampu yonse ikulira mokweza, 350V ndi 130mA ndi zochepa. Kuyeza valavu imodziimodzi ndi kudzutsa makapasita mpaka 350V litha. La ma EL84, 6V6, ma preamp ndi mawailesi akale ndiye mwake.

Za kagwiridwe ka ntchito, madala ndi a tsiku lonjeza lina kutha lina, zija za bwerani Lachisanu, Lachisanu likafika akuti waya wa saizi yake sunabwere kuchokera ku Blantyre, ndipo foni akakhala pa benchi sayankha, WhatsApp ndiye iwalani. Koma pa ndalama ndi achilungamo, ananditchulira mtengo wa chilichonse padera, kopala ndi amene anadya zambiri, yaumisiri wawo inali yochepa moti ndinachita manyazi kunenerera, ndipo zotsala anandibwezera m'kajumbo. Chomwe chinandisangalatsa kwambiri anajambula dayagiramu yonse pa pepala la kope ndi manambala a zida zonse nkumata mkati mwa chivindikiro, akuti mawa ine kulibe wina adzathe kukonza. Amisiri angati amachita zimenezo, ambiri amafufuta ndi manambala omwe pa ma IC kuti uzibwerera kwa iwo.

Mukapita kukapangitsa lanu muwauziretu zonse asanagule waya, mawaya atatu a 210V, 230V ndi 250V pa koyilo yolowa, fani ndi heatsink yaikulu, masoketi obisa chitsulo, bias ya negative, ndipo MOSFET ya 800V mukagule nokha kwa munthu yemwe mumamukhulupirira muwapititsire m'manja. Mufunsenso nobu yomwe aikepo, chifukwa tima pot tating'ono ta volyumu ya wailesi sitinapangidwire 350V, timapsa njira mkati nde tsiku lina volteji idzangolumphira pamwamba yokha valavu ili pa soketi. Yanga anaika yaikulu ya 2W yozula mu chida chakale ndipo anali nayo imodzi yokha, nde yanuyo muyambiretu kusaka.